Matabwa a Amalume a ku Ulaya

Gubudu! Khwa-khwa-khwa! Ndi mmene anagwera matabwa awiri aja nditawakoka kudenga la khitchini, mpaka nkhuku zinabalalika ndipo galu wa aneba anayamba kuuwa.

Ndinali Fomu 1 nthawi imeneyo, nditangobwera kumene kuchokera kwathu ku Thyolo kudzakhala kwa amalume a Jailosi ku Lupaso, mu Mzuzu, sukulu ndikuyendera ku Katoto. Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Juni, nkhungu ili mbuu, kamvula kowaza kaja katanyowetsa nkhuni zonse. Akazi awo a amalume, aNyaChirwa a ku Nkhata Bay, popita kumsika anangoti, "Esinati, ndikupeze utasonkha moto. Chouma chilichonse waza." Ndipo iwo akanena, anena. Chouma chimene ndinaona ine ndi matabwa amenewo, aatali, opindika kunsonga, penti wake wobiriwira atafwifwa.

Nkhwangwa ndinali nditakweza kale pamene amalume anatulukira atafunda bulangete, nsapato imodzi kuphazi.

"Leka! Leka, mphwanga! Ukufuna kuwaza Ulaya? Amene sakhulupirira abwere agwire yekha, ndipo ngati ndikunama, dazi ili limere udzu! Awa si matabwa wamba, ndi masikii, azungu amamanga kumapazi n'kumatsetsereka nawo paphiri la chipale chofewa, chija eni ake amati sinoo. Ukumva?

"Ine ndinkaphikira mzungu wina wa mitengo ya paini ku Chikangawa, munthu wouma manja moti masamba a tiyi ankayanika pa waya kuti tiphikenso mawa, ndiye tsiku lina akuti, Jailosi, ndikufuna holide yotsetsereka koma yotchipa, ndipo pano palibe wodziwa kunenerera mtengo kuposa iwe, pita ukandisankhire phiri. Pasipoti ndinalibe, ndinangotenga khadi la chipani lomweli timaonetsa pageti la msika, ndipo kulikonse ndikalitulutsa asilikali ankamenya sawatcha, wina mpaka anandinyamulira chikwama, mwezi wake ngati uno wa Juni."

Ine sindinkatha kuyankha akuluakulu, koma sabata yomweyo aphunzitsi a jogalafe anali atatijambulira dziko pa bolodi. Ndinayang'ana pansi n'kunena chapansipansi, "Amalume, koma akuti Juni ku Ulaya kumakhala kotentha."

"Ehee! Yewo chomene! Sukulu ikugwira ntchito! Nanga kutchipa kwake kuli pati? Wopusa amapita Disembala, aliyense akufuna sinoo, mtengo uli kumwamba. Wochenjera amapita Juni, eni ake atakolola sinoo yense n'kututira m'nkhokwe, wogula palibe, akuchita kukuthamangira okha. Ukumva?

"Phiri loyamba linali ku Siwizalandi, lokongola ndithu, mipando ikuyenda yokha pa waya m'malere kukweza anthu, koma kumeneko kungoliyang'ana phirilo umalipira, ukayetsemula akulembera lisiti, ndiye ine ndinadutsa nditatsinzina diso limodzi kuti ndilipire theka. Ndinapita pa lina kuseri kwake, akuti pano ndi potchipa bwana, ine ndikuti chinthu sagula osalawa, ndinatapa sinoo wawo n'kuika pakamwa, mphwanga, wowawasa! Kaunjika! Anthu ena anatsetserekapo kale zaka zisanu, m'mabowo asokamo zigamba za thonje, kwina apaka ufa woyera kuti aoneke watsopano. Ndinawauza kuti ine wa ku Thyolo, msika ndinabadwiramo.

"Ndinayenda wapansi masiku asanu ndi anayi mpaka ndinapeza mayi wina wamasiye, phiri lake lalitali moti mwezi ukafika pamenepo umapempha njira, ndipo mayiyo anatsegula nkhokwe, anyamata ake n'kuyala sinoo phiri lonse ndi malichero, ndikulawa, wozuna ngati nzimbe ya ku Dwangwa. Tinanenerera mtengo kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, iye akutsitsa ine ndikunyamuka, iye akundikoka jekete ine ndikukhalanso, mpaka anati, bambo inu, ingogonani ulere, chakudya ndi changa, bola musiye kulankhula.

"Koma katundu wa bwana sungagule osayesa. Anandimanga matabwa awa pamwamba penipeni, n'kundikankha. Mayo ine! Ndinatsika, mphwanga, ndinatsika, mitengo ikuchita kundipatukira, azimayi a mathalauzi ali mbali zonse ine ndikutsinzina poopa kuitanidwa ngati mboni, ndinadutsa mayiko anayi osaima, a pachipata akundithamangira ndi chidindo n'kumadinda khadi langa m'malere, mphepo ikukoka tsitsi langa mpaka linatalika kupitirira kolala, ine n'kuti kwathu akandimanga nalo ili, mwamwayi pa dziko lachinayi mphepo yomweyo inalizula lonse, ndi dazi ukulionali. Ukumva?"

Ndinali nditagwada pamatabwa paja, nkhwangwa ili m'manja. Ndinanunkhiza. M'ming'alu munali phula lakuda ndi tinthu tonyezimira. Ndinati, "Amalume, nanga bwanji akumveka usipa?"

Sanaphethire n'komwe.

"Nanga ukuganiza ndinakaima pati? M'nyanja ya mchere! Ndinalowa nawo thibu, ndikuvuuka nsomba zili mbee kumatabwa, dziko lonse lija linadya ndiwo mwezi wathunthu. Pobwerera ndinapita kwa mayi uja, ndikuti mayi, ndagula phiri lonse la holide, basela ali kuti? Anandidulira kaphiri kakang'ono kapambali, n'kundikulungira m'bulangete lomwe ndafundali, ndinakwera nako ndege, ndiye tikudutsa pamwamba pa Msongwe mfundo inamasuka, kaphiri konse n'kukhuthukira pa tauni ino. Kale Mzuzu kunkatentha ngati ku Karonga, anthu ankagona panja, funsa aliyense amene anamwalira. Kuzizira ukukumvaku ndi basela wanga ine. Ndiye iwe lero ufuna usonkhere moto umboni wanga?"

Kunena zoona, ndinasokonezeka. Za nkhokwe zija aphunzitsi sanatiuze, koma mwina zinali za Fomu 2. Nanga kuzizirako si kunalipodi, zala zanga zitachita kuuma? Komanso moto panalibe, ndipo kumpanda kunamveka chitseko cha malata, kweee.

ANyaChirwa analowa dengu lili pamutu. Anayang'ana pamafuwa pozizira, anayang'ana ine, anayang'ana matabwa. Amalume anakokera bulangete mpaka m'makutu.

"Anti," ndinatero, "chouma ndi chokhachi, koma amalume akuti anatsetsereka nacho ku Ulaya. Ndiwaze kapena ndisawaze?"

Anatula dengu pang'onopang'ono. Anatola thabwa limodzi, n'kulipukuta mwaye ndi nsonga ya chitenje, ndipo ndinaona pakamwa pawo pakugwedera ngati munthu wobisa kuseka m'tchalitchi.

"Ika nkhwangwa pansi, mwana wane, makala tikapempha kwa aneba. Awa ndi matabwa a boti la adada. Amalume akowa pobwera kudzandifunsira anati kupalasa amadziwa chomene, ndiye analiphwanya pamwala, madzi ake olekeza m'mawondo, akukuwa kuti akumira. Kunja kumene anafikako n'komweko. Bwezera kudenga bwinobwino, ine ndimawafuna."