Landirova Yokana Kudutsa

Nkhani iyi akazi anga amaikamba paliponse pamene pasonkhana abale, ndiye bola manyazi angawa ndiwaulule ndekha.

Inali nthawi ya makadi a chipani, msewu wa Mchinji atangouthira tala. Ine ndinali dalaivala wa pikapu ya pa esiteti ina ya fodya ku Mkanda, laisensi ikadali yatsopano, matama ali tho. Tsiku lina abwana anandituma ku Lilongwe, ndipo apongozi anga aakazi anapempha lifiti. Mwamwambo sitikanakhala mpando umodzi, choncho iwo anakwera kumbuyo. Ine maso kutsogolo, mkamwini waulemu.

Titadutsa pa Kamwendo, injini inatentha. Ndinaima, kuthira madzi, kuliza, ulendo!

Posakhalitsa pagalasi la m'mbali panatulukira Landirova yoyera. Nyali phethiphethi, hutala pii! pii!

"Muli pachangu? Dutsani," ndinatero. Ndinapatukira m'mbali n'kuyatsa indiketa ya kumanzere, chizindikiro chathu madalaivala choti kutsogolo kuli bwino. Sinadutse. Ndinatulutsa mkono pawindo n'kumakupiza ngati ndikuingitsa nkhuku. Iyo inangochepetsa liwiro, hutala osaleka.

Apa ndinayang'ananso pagalasi. Galimoto yoyera yokana kudutsa? Awa ndi achipani basi! Kupisa m'thumba, kadi ndaiwala m'buluku lina.

Giya folo, phazi pansi! Pikapu inanjenjemera ngati yagwidwa malungo.

"Amayi, gwiritsitsani!" ndinakuwa osacheuka. Sanayankhe. Ndinati mumtima, koma mayi awa ndi odekha.

Pa Namitete ngolo ya ng'ombe inatseka msewu. Ndinaima, ndinatsika n'kuyamba kupepesa.

"Pepani mabwana, kadi ndili nayo, kungoti..."

Mu Landirova muja munatsika asisitere a ku Ludzi, aafupi, magalasi ali pamphuno.

"Bambo, kodi makutu munasiya kunyumba?"

"Inetu ndinakupatsani mpata, Sisitere! Indiketa simunaione?"

"Ndinaiona. Koma sindimafuna kudutsa ayi. Ndimafuna ndikubwezereni zimene munasiya pamsewu."

"Ndinasiya chiyani?"

Chitseko chinacho chinatseguka. Apongozi! Nsapato m'manja, duku litapendekeka. Pamene ine ndinkathira madzi, iwo anali atatsika mwakachetechete kukadzithandiza patchire. Potuluka anangoona utsi. Anathamanga mpaka asisiterewo anawatola.

Ndinagwada pa tala pomwepo, a ngolo aja akuonerera. Apongozi anayang'ana kumbali, n'kulankhula kwa asisitere ngati ine palibe:

"Muwathokoze bambowa. Akamwini anzawo akamathawa apongozi amangopatuka panjira. Awa ulemu wawo ndi wa petulo."

Anakweranso Landirova ija, ndipo ulendo uno inandidutsa bwinobwino, popanda ndi hutala yomwe.

Wakumbuyo akakana kudutsa, musathamangire kuponda moto. Yambani mwawerenga anthu anu.