Mudzi wa Agogo Upezeke Lisanafike Loweruka

Lolemba

Loweruka kukubwera a kwawo kwa mnyamata amene akufuna kukwatira Chisomo, mwana wanga. Ndi Akaranga, mtundu wa Ashona, a ku Mberengwa, anthu oti asanalandire ndi madzi omwe amayamba afunsa kuti kwanu nkuti. Ine ndinabadwira mu komboni ya mgodi, ndakalambira muno mu Mandava, ndipo funso limeneli landiwawa chiyambire ku sukulu. Mwana wanga asatchedwe wopanda kwawo ine ndili moyo, ayi! Pofika Lachisanu ndikhale nditapeza mudzi wa agogo a Saimoni Banda, bambo a bambo anga, amene anachoka ku Nyasalande wapansi kudzakumba golide.

Zofunika: fayilo yatsopano, magalasi, jekete la ku tchalitchi, mapiritsi a BP.

Ndikuyamba ndi buku la ubatizo ku tchalitchi kwathu. A Banda m'bukumo ngochuluka kuposa mabenchi. Pa mzere wolemba kwawo kwa munthu, aliyense anamulemba Nyasaland basi. Zikomo kwambiri, abusa akale.

Mayi a Chisomo akuti, "Musanakapeze Malawi, konzani geti. Alendo adzalowera pati?" Geti lathu linapindika kalekale, lingathe kudikira.

Lachiwiri

Basi mpaka ku Kwekwe, kombi mpaka ku Silobela, kenako wapansi. Msana wanga! Mgodi umene agogo anayambira ntchito unatsekedwa ine ndisanamere ndevu. Pano padzaza makorokoza, anyamata okumba golide paokha. Aona fayilo, andizungulira, akuganiza kuti ndanyamula mapu a maenje akale.

Mlonda wanditsegulira ofesi yakale. Mu kabati ya m'munsi muli nkhuku yofungatira mazira. Mu ya pamwamba muli makadi a antchito, ndipo la agogo lilimo! Dzina, nambala, chidindo cha chala. Kwawo: Blantyre. Khadi lotsatira: Blantyre. Linanso, la munthu woonekeratu kuti ngwa ku Tete: Blantyre. Kalaliki ameneyo ankadziwa tauni imodzi yokha, nchifukwa chake mpaka lero akutitcha Mabhurandaya.

Ndaika chala changa pa chidindo cha agogo. Chawo nchachikulu. Mtima wandiwawa, kenako nkhuku yandijompha pa bondo.

Lachitatu

Ndabwerera, mapazi atatupa. Madzulo kwa akuluakulu a sosayite ya maliro, ija imatiika ife a ku Malawi tikamwalira. Amenewa ndiye adziwa.

Wina akuti agogo anali a ku Ntcheu, chifukwa ankamwa osagwa. Wina akuti a ku Dedza, chifukwa cha kavinidwe. Atsala pang'ono kumenyana ndi ndodo. A Mbewe akugona pampando nthawi yonseyi, kenako adzidzimuka: "Saimoni wa nkhwangwa uja?" Akuti anaperekezako maliro ku Dedza, ndipo m'mudzi wina anthu ankafunsa za Saimoni amene anapita ku migodi atanyamula nkhwangwa ya amalume ake. Nambala ya foni ya kumeneko ali nayo!

Kunyumba ndikuyenda ngati bwanamkubwa. Geti landing'ambira jekete.

Lachinayi

Ndaimba. Foni yayenda m'manja mwa mudzi wonse, mbuzi zikulira, mpaka yafika kwa mkulu wina wa mawu onjenjemera. "Saimoni timamudziwa! Mbale wathu ameneyo!" Ndavina pakhonde, BP kapena ayi.

Kenako funso: "Nanga inuyo mayi anu ngakuti?" Ndati malemu mayi anali Mshona wa ku Shurugwi. "Aaa, ndiye kwanu nkomweko, bambo. Kuno mwana ndi wa kwa mayi ake. Inu mukabwera tidzakulandirani bwino, ndinu mlendo wathu. Koma nkhwangwa ija ikadalipo?"

Mlendo! Ndang'ambitsa jekete kuti ndikhale mlendo!

Lachisanu

Chabwino, kwathu nkwa amayi. Ndathamangira ku komboni ya Maglas kwa sekuru, mchimwene wa malemu mayi. Andipatsa tiyi, andimvetsera, apukusa mutu. "Muzukuru, tinokuda, asi musha ndewababa vako." Amandikonda, koma kwa iwo mudzi wa munthu ndi wa bambo ake.

Ndiye zili chonchi. A ku Dedza akunditumiza ku Shurugwi. A ku Shurugwi akundibwezera ku Dedza. Ndili ngati thumba losalembedwa dzina pa denga la basi.

Mu fayilo muli: chithunzi cha khadi, tikiti ya kombi, nthenga ya nkhuku.

Ndafotokozera mayi a Chisomo. Aseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Akuti ndisade nkhawa, mawa kubwera alamu anga a Yohane, mlongo wawo. A Yohane! Munthu woti anandibwereka wilibala chaka cha chilala chija mpaka pano.

Loweruka

Alendo afika. Munyai wawo, amene kwathu timati nkhoswe, wachita kunyamula geti kuti anzake alowe. Manyazi!

Takhala pansi, aomba m'manja, funso lija labwera: "Ko kumusha ndekupi?" Ndikutsegula fayilo, sindikudziwa kuti ndiyambe ndi Dedza kapena nkhuku. A Yohane andigwira bondo. "Pepani alamu, mwanayu ndi mbumba yanga." Atchula mudzi wa amayi awo ku Mchinji, mfumu yake, mtsinje wake, ngakhale mkuyu wa pachitsime. Akaranga agwedeza mitu, akhutira. Za ine palibe wafunsa.

Kukhitchini ndati, "Mayi a Chisomo, mumadziwa sabata yonseyi?" Akuti, "Munandifunsa? Ine ndimangomva za agogo anu."

Lamulungu

Sindikupita ku tchalitchi, jekete lili kwa telala. Fayilo ndaipereka kwa mayi a Chisomo, akusungiramo mapepala a magetsi.

Mwana wanga ali ndi kwawo, ndipo ndasangalala, zoona. Ana ake adzakhala nako kuwiri: Akaranga adzati Mberengwa, a Yohane adzati Mchinji, adzachita kulimbirana. Ine ndekha ndi amene mbali zonse zinandipereka mwaulemu kwa anzawo. Zikupweteka, ndisaname.

Masana ndatenga hamala, ndapita pa geti. Chisomo wandipeza pomwepo. "Dhedhi, musadandaule. Ana anga akadzafunsa kuti kwa agogo nkuti, ndidzati ku Mandava, mukatsika kombi mufunse nyumba ya geti lopindika."

Ndabweza hamala m'bokosi. Mayi a Chisomo akalipe mmene angathere, getilo sindikonza. Adzukulu angadzasochere.