Makina Anu Sadziwa Banyira

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Chiwerengero Chosanama,
Blantyre.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada pansi, ine mayi wosaphunzira wa pa Chitakale, wogulitsa zinanazi pa intaneti, kuthokoza chifukwa cha makina amene munandiikira m'foni. Munati chilichonse chogulidwa pa sitolo yanga chizilowa chokha m'buku la ndalama, ndipo Lachisanu lililonse lipoti lizipita kwa amuna anga a Spencer, amene ali ku Joni, eni mpamba. Zonse zikuyenda monga munalonjezera. Mulungu akuoneni.

Choyamba, ndikuthokoza pondidziwitsa kuti ndine mbava. Kuno munthu akagula zinanazi khumi timamuikira chimodzi pamwamba chaulere, banyira, kuti mawa abwerenso. Ngakhale mwana wogulitsa tomato pa Nkando amadziwa zimenezi. Makina anu, ophunzira kunja, akaona chinanazi chatuluka popanda ndalama amalemba kuti chabedwa. Miyezi itatu yokha ndaba zinanazi 214 m'sitolo yangayanga, osadziwa. Pakanapanda inu ndani akanandigwira?

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha a Lenard, amene amayankha foni ku ofesi kwanu. Nditadikira ola lathunthu ndikumvera nyimbo yanu yokoma ija, anandilangiza kuti banyira ndizimulemba mtengo wa ziro. Makina anakana, ati padziko lapansi palibe chinthu chaulere. A Lenard anati ndiike wani kwacha. Ndinaika. Tsopano m'mawa uliwonse makina akutumizira makasitomala anga uthenga wowakumbutsa ngongole ya wani kwacha, ndi chenjezo la maloya. Mayi abusa a ku Limbe, amene ankagula zinanazi makumi atatu pa sabata, anandiyankha ndi vesi, basi. Wani kwachayo, bwana, ine ndinaiona komaliza mwana wanga wachisamba akuyamwa.

Chachitatu ndiye chikundisowetsa tulo. A Spencer amakhulupirira makina kuposa mkazi amene wawaberekera ana anayi. Akuti foni ilibe chifukwa chonamira. Anakhala pansi ku Joni kuja n'kuwerengera kuti munthu mmodzi sangadye zinanazi 214 osatupa milomo, ndiye kuti pali mwamuna wina amene ndikumudyetsa. Auza ankhoswe kuti tikumane Loweruka lino, iwo adzayankhula pa foni. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndasunga banja ili, ndipo ndikukuuzani mosabisa, mtima ukundiwawa.

Sindikudandaula ayi, ndine yani ine? Pempho langa ndi laling'ono. Loweruka mutumize makinawo kwathu, abwere okha pa minibasi, atsike pa Chitakale, adzaloze pamaso pa ankhoswe mwamuna amene akudya zinanazi zanga, chifukwa nanenso ndikufuna kumuona. Akalephera, ukwati n'kutha, musavutike kuwatumizira ndalama yobwererera. Andikwatire iwowo, poti ndi amene akudziwa za m'nyumba mwanga kuposa ine. Mungowachenjeza kuti kuno ku Mulanje mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini watsopano timayamba tamuona kumunda. Khasu ndawasungira kale.

Ine wanu wogonja, mbava ya m'buku mwanu,

Millie Muhiwa,
Chitakale, Mulanje.