Benchi la M'nthochi

Lolemba

Ndatsimikiza. Kuyambira lero ndikumanga thupi.

Gwero lake ndi thumba la mpunga lija. Loweruka pa sikelo ya msika wogulira mpunga, kumene ndine kalaliki, alimi ali pamzere, ndinangofuna kulisuntha pang'ono kuti ndione nambala. Linandigwetsa chagada n'kundikhalira pamimba. Anandichotsa ndi amayi awiri, wina ali ndi mwana kumbuyo. Tsopano Lupembe yense, kuno ku Karonga, akunditchula kuti kalaliki wa thumba, ngakhale ana a sukulu.

Kusekedwa ndikanapirira. Vuto n'lakuti kuno munthu wotchulidwatchulidwa sakhalitsa. Kalaliki amene ndinalowa m'malo mwake anangotchuka ndi wailesi yogwira patali. Tsiku lina kunabwera galimoto ya boma, ndipo kapu yake ya tiyi idakali pawindo la ofesi mpaka pano, palibe amaikhudza. Ine ndikufuna kukhala munthu amene anthu amaiwala dzina lake. Ndikadzangonyamula thumba limodzi anthu akuona, nkhani idzatha, adzandiiwala.

Zida zimene ndili nazo:
chikoka cha masipuling'i chotambasula ndi manja pomanga chifuwa, chimene ndinagula ku Limbe, chikhalire m'sutikesi;
chubu cha njinga, chowongolera mapewa;
paipi yachitsulo, ndatola kuseri kwa shedi yosungira mpunga;
mawilo awiri achitsulo;
benchi.

Benchi ndiye mwayi weniweni. Kuseri kwa nyumba ya a NyaGondwe, mayi wamasiye amene ndikuchita lendi chipinda chawo, m'kati mwa nthochi, muli chisimenti chotalika ngati munthu, chofika m'mawondo, chosalala bwino. Mwina ankayanikapo mpunga. Mawilo aja ndawapeza pomwepo atatsamira mbali imodzi. Ali ndi mabowo pakati, ndipo paipi ikulowa ngati anachita kuyeza. Malowo ndi obisika, palibe angandione.

Ndi posesedwa bwino. Sindikudziwa amasesapo ndani.

Lachiwiri

Dzuwa lisanapse ndili kale m'nthochi, malaya ndavula.

Kuzungulitsa khosi: zatheka. Kuwerama n'kugwira zala zakuphazi: ndafika m'mawondo, zala tionana mwezi wamawa. Chubu: chandimenya pakhutu. Chikoka: ndachitambasula mpaka theka, pobwerera masipuling'i anditsina pachifuwa n'kuzula tsitsi. Linalipo lochepa kale.

Kenako zenizeni. Kugona chagada pabenchi, paipi m'manja, kukankha zitsulo kupita kumwamba. Zikukwera, ngakhale zikukwera mokhota ngati denga la khola. Ndine wokondwa, ndikuona kale thumba lija lili paphewa panga.

Zinthu zimene sindikuzimvetsa. Dzulo mawilo ndinawasiya pakhonde langa, ndikukumbukira bwino chifukwa ndinapunthwa nawo. Lero ndawapeza atabwerera pabenchi, atatsamira mbali yomwe ija. Ndafunsa a NyaGondwe ngati anawanyamula ndi iwo. Akuti, "Ine? Na msana uwu? Yayi, adada." Kenako andiyang'ana nthawi yaitali, osaphethira, n'kulowa kukhitchini. Madzulo andibweretsera mbale ya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe. Chibwerere changa kuno sanandipatsepo ngakhale madzi akumwa.

China. Karonga yense amatentha ngati m'ng'anjo, ngakhale mpando wa mu ofesi umawotcha. Koma simenti ija imazizira. Ndabwereranso masana kukaigwira, ndi yozizirabe.

Galu wa pakhomo pano amandilondola kulikonse, ngakhale kuchimbudzi. Akafika pa nthochi yoyamba amaima n'kukhala pansi.

Lachitatu

Thupi lonse likuwawa! Batani la pakhosi ndalephera kumanga. Cholembera chikulemera ngati khasu.

Komabe ndapita. Aphunzitsi athu a masewera ankati ululu ndi umboni woti minofu ikubadwa. Yangayi ikubadwira pabwalo, chifukwa ndikakankha zitsulo ndimabuula osafuna. Chikoka nacho chayamba kulira mosasangalatsa, ngati munthu wamkulu akulira chamumtima. Ndikasiya kukoka chimapitirizabe pang'ono.

Mawilo anabwereranso okha. Sindinafunse.

Nditamaliza, podzuka, ndaona amayi atatu ataima pafupi ndi galu, ndowa zili pamutu. Sakuseka. Sindikudziwa anaima nthawi yaitali bwanji. Mmodzi wapinda mawondo n'kunena chapansipansi kuti, "Ndagha, ndagha." Akuthokoza chiyani? Wina akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ndikudziwa kuti ndine woonda, koma si mpaka kulira.

Ku sikelo zinthu zasintha. Palibe watchula thumba. Mzere wonse uli zii, ndipo madala ena akandiyandikira akuvula zipewa. Mdala wina wandigwira dzanja ndi manja onse awiri, osalisiya, mpaka ndaiwala kulemera kwa mpunga wake. Kusekedwa kuja kunali bwino, ndinkadziwa chimene ndalakwa.

Poweruka, anyamata awiri a chipani andiimitsa pamsewu. Khadi la chipani ndawaonetsa. Alitembenuza uku ndi uku, kenako wamtaliyo wandifunsa kuti kodi ndimadzuka nthawi yanji. Funso limeneli sindinalikonde.

Lachinayi



M'mawa, ndili chagada, zitsulo zili m'mwamba, zigongono zangoti fwaa. Paipi yayamba kutsika molunjika pakhosi. Kukuwa sindingathe, kugubuduka sindingathe. Chitsulo chandikhudza pammero, ndipo ndaganiza za amayi anga kulandira telegalamu yonena kuti mwana wanu waphedwa ndi paipi.

Kenako yapepuka. Yakwera yokha, mowongoka bwino, manja anga akungotsatira, ngati pali munthu waima chakumutu kwanga akuthandiza. Kwamveka fungo la fodya wopichira ndi la ng'ombe. Ndatembenuka. Nthochi zokhazokha, masamba osagwedezeka n'komwe.

Ndapita kukhitchini, ndafunsa a NyaGondwe kuti kodi benchi lija ndi la ntchito yanji. Asiya kupeta mpunga.

"Benchi? Pamene paja pagona a Mwambelo, eni nyumba ino. Kansi simumadziwa?"

Ndikanadziwa bwanji? Kwathu ku Dedza manda amakhala kumsitu, kutali ndi mudzi, ndipo munthu wamba sapitako popanda maliro. Ndani amaika munthu pakati pa khitchini ndi nkhokwe? Akuti kuno n'chimene amachita, bambo wa pakhomo amagona pakhomo pake, azimva nkhani. Mawilo ndi a ngolo yawo. Akuti anali chimunthu champhamvu, ngolo ikatitimira m'matope a m'munda wa mpunga ankaitukula okha, ng'ombe zikungoyang'ana.

Ndiye kuti masiku atatu onsewa ndakhala ndikugona pamwamba pa mwamuna wa eni ake, wopanda malaya, ndikubuula.

Ndasamba. Ndasambanso. Ndatsegula Baibulo, ndapeza mndandanda wa mafuko, sunandithandize. Ndili ndi mantha ndipo ndili ndi manyazi, sindikudziwa chachikulu n'chiti.

Kumanga thupi kwathera pano. Thumba lipambane.

Lachisanu

Sindinapite. Ndakhala pabedi mpaka dzuwa litalowa pawindo.

Potsegula chitseko, paipi ili pakhonde, mawilo onse awiri atalowetsedwa kale, itayalidwa mopingasa pakhomo penipeni. Dzulo ndinaisiya m'nthochi. Ndailumpha mwaulemu n'kunena zikomo, sindikudziwa ndimauza ndani. A NyaGondwe sanandipatse moni.

Masana ku ofesi kwabwera a tcheyamani a nthambi ya chipani. Munthu wamfupi, wofatsa mawu, ndipo ndangomva lero kuti ndi mng'ono wawo wa malemu Mwambelo. Akhala pampando wanga, ine ndaima. Akuti alandira malipoti onena za mlendo wina amene m'mawa uliwonse amabisala m'nthochi n'kumachita majowajowa, ali ndi chida chamasipuling'i chimene palibe akuchidziwa. Akuti kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kunja kwa malire, kuli anthu othawa dziko amene nawonso amadzuka m'mawa kulimbitsa matupi. Sakunena kuti ndine, angobwera mawa ndi anyamata adzaone okha.

Nthawi yonse akuyankhula amayang'ana kapu ija ya pawindo.

Madzulo ndayesa kutaya chikoka m'chimbudzi. Bowo lachepa. Pochikankha chafwamphuka n'kulira mokweza, ndipo a NyaGondwe afunsa ali panja ngati ndikudwala m'mimba. Ndabwerera nacho m'chipinda chili m'malaya.

Zimene ndinkafuna Lolemba: kuiwalika.
Amene akundidziwa lero: alimi, amayi a kumjigo, chipani, ndi wakufa mmodzi.

Loweruka

Abwera. A tcheyamani, anyamata awo, ndi theka la mudzi kumbuyo. Tonse m'nthochi, kupatula galu.

A tcheyamani atenga chikoka, achitambasula, chalira. Anyamata abwerera m'mbuyo. Andifunsa kuti munthu wolimbitsa thupi mobisala amakhala akukonzekera kumenyana ndi ndani. Ndayankha zoona, kuti ndi thumba la mpunga. Palibe waseka. Wamtali uja akuti thumba likalemera anthu amanyamula awiri, aliyense amadziwa zimenezo, ndipeze bodza lina. Ndayamba kuganiza kuti bulangete ndilitenge popita kundende kapena salola.

Pamenepo a NyaGondwe atulukira ndi tsache m'manja. Ayankhula m'Chichewa, kuti nanenso ndimve.

"Alamu, inu mkulu wanu munamulira liti? Tsiku la maliro munali pa msonkhano ku Boma. Mwana uyu ni mlendo, si wa magazi athu, koma m'mawa uliwonse amagona pamanda, malaya avula, katundu wa malemu ali m'manja, akuloza kumwamba, akubuula mudzi wonse ukumva. Lero mukuti ni msilikali? Msilikali wa manja ngati bango?"

Za manjazo zinandipweteka, koma sindinatsutse.

Anthu onse akuyang'ana a tcheyamani tsopano, osati ine. Kenako atembenuka pang'onopang'ono.

"Tiuzeni nokha, a kalaliki. Ndi za usilikali, kapena ndi maliro?"

"Ndi maliro, bwana."

"Lirani tione."

Ndavula malaya pamaso pa mudzi wonse. Ndagona pasimenti. Manja anali akufa kale chiyambire Lachinayi, ndinkadziwa kuti paipi sichoka pachifuwa, ndipo ikapanda kuchoka ndiye kuti ndanama. Ndatseka maso n'kukankha.

Yakwera ngati ndanyamula phesi. Yatsika, yakweranso. Fungo la fodya lija landizungulira. Ndalira, misozi yeniyeni, yolowa m'makutu, ndipo sindinachite kuikakamiza. Amayi ayamba nyimbo ya maliro. Potsegula maso, a tcheyamani avula chipewa, mapewa akugwedezeka, akuitana mkulu wawo m'Chinkhonde.

Nkhani ya usilikali yatha. Chikoka atenga, akuti akachisunga ku ofesi ya nthambi kuti chisasokoneze anthu. Pochoka andisisita pamsana n'kunena kuti mnyamata mmodzi azidutsa m'mawa uliwonse kudzaona kuti zikuyenda bwino, chifukwa maliro oona satha ndi sabata imodzi. Akatha msanga, akuti, ndiye kuti sanali maliro.

Lamulungu

Kutchalitchi andiimiritsa kutsogolo. Mkulu wa mpingo wauza achinyamata kuti atengere chitsanzo changa. Dzina la thumba lafa, tsopano ndine mwana wa Mwambelo. Potuluka, mayi wina wamasiye wa tsidya la msewu wandikokera pambali, akufunsa ngati Lachiwiri ndingapeze mpata wodzagonako pa amuna awo. Akuti simenti yake ndi yatsopano.

Zotsatira za sabata:
mikono, chimodzimodzi;
chifuwa, chachepa tsitsi;
thumba, ndaliyesa dzulo shedi itatsekedwa, silinasunthe;
ndende, sindinapite.

Chomalizachi ndi chachikulu, ndisanyoze.

Ndapeza a NyaGondwe akusenda nthochi, ndawathokoza, ndipo ndaulula kuti sindinkalira ayi, anali masewera olimbitsa thupi. Sanadzutse n'komwe mutu. Akuti akudziwa, si mwana iwo. Koma akuti bambowo pansipo anasungulumwa chomene, ana onse ali ku migodi, ndipo chiyambire kubwera ine asiya kuwavutitsa m'maloto. Ndafunsa kuti nanga zidzatha liti. Akuti ndikafunse eni ake.

Aphunzitsi a masewera ankati Lamulungu ndi tsiku lopumitsa minofu. Ndimati ndigone. Koma ndasuzumira pawindo, mnyamata wamtali uja waima pa nthochi yoyamba, pambali pa galu, akuyang'ana chitseko changa. Akuti m'mawa sanandione.

Ndavula malaya a kutchalitchi, ndawapinda bwino. Ndagona pasimenti, ndagwira paipi, ndakankha. Siikusuntha. Ndapempha a Mwambelo chamumtima m'Chichewa, zii. Mnyamata uja wasendera pafupi.

Ndakumbukira kuti ndinafika osapereka moni. Ndatembenuza mutu, tsaya lakhudza simenti yozizira, ndanong'oneza Chinkhonde chonse chimene ndimadziwa.

"Mwaghona, tata. Gwirani mbali yanu."

Yakwera.