Mchere Uku, Mchere Uko

Amalume anga ankanyambita miyala. Musaseke, ndikunena zoona. Akaona mwala pamsewu ankautola, n'kuupukuta pamalaya, n'kuulawa ngati switi, kenako n'kuuza aliyense wodutsa kuti, "Uwutu uli ndi kashiamu." Anagwira ntchito zaka zambiri kumgodi, m'chipinda choyezera miyala. Ntchito yawo inali yotsuka mabotolo basi, koma makutu sanawasiye pakhomo. Mumsewu mwathu dzina lawo lenileni linaiwalika, onse ankangoti a Nyambita.

Ine ndinakakhala kwawo nditalephera kemisitiri. Mtima wanga unali pa unamwino, koma bambo anali atanenetsa kuti ndikalepheranso, za sukulu zithere pomwepo. Tchati cha maelementi, timabokosi tija ta zilembo, ndikachiyang'ana mutu unkangozungulira.

"Vuto lako umawerenga ndi maso okha," anatero amalume. "Zinthuzi zimafuna kugwiridwa."

Tsiku lotsatira azakhali, akazi awo, pochokera kumsika anapeza khitchini yawo yasanduka tchati. Pashelefu, chilichonse chinali pamalo a elementi yake. Zigoba za mazira kumanzere, misomali pakati, poto, machesi ndi makala chakumanja. Mbale ndi makapu zinali pansi, mudengu.

"Bambo, mbale zalakwanji?"

"Sizili pa tchati, mayi."

"Nanga mcherewu mwaugawa pawiri chifukwa chiyani?"

"Mchere ndi banja. Sodiyamu kwawo n'kumanzere, kolorini kwawo n'kumanja. Payekha wina amaphulika akagwa m'madzi, wina ndi poizoni. Akakwatirana, ndiye tidya."

Azakhali anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye m'nyumba muno wapoizoniyo ndi ndani?"

Amalume anatsokomola, n'kupita kukaona nkhuku.

Sabata imeneyo tinavutika. Azakhali ankathira mchere wa kumanzere, n'kuiwala, n'kuthiranso wa kumanja, mwakuti ndiwo zinkawawa ngati mankhwala. Koma nkhondo yeniyeni inali pa botolo lina lopanda kanthu, lotsekedwa bwinobwino, limene amalume analembapo kuti okosijeni. Azakhali ankalitenga n'kuthiramo mafuta ophikira.

"Mwandithamangitsira mpweya wanga!"

"Munalibe kanthu mmenemu!"

"Munali, mayi. Kungoti simunaone."

Amalume ankalitsuka, n'kuliumitsa, n'kulitsekanso. Mawa lake, mafuta.

Ine pakati pa awiriwa ndinangosokonezeka. Mphunzitsi atafunsa m'kalasi kuti fosiforasi amapezeka pati, ndinayankha molimba mtima kuti pafupi ndi poto. Anzanga anaseka mpaka misozi. Nditafika kunyumba ndinalira, ndipo amalume anandipatsa mwala woyera kuti ndinyambite. Ndinakana. Anaudonthezera viniga, mwala unachita thovu. Anadonthezanso pachigoba cha dzira, nachonso thovu.

"Waona? Mwala wa laimu ndi dzira ndi pachibale."

"Ndiye nkhuku imaikira miyala?" anafunsa azakhali ali pakhomo.

Pa tsiku la mayeso, funso lachitatu linali lakuti titchule maelementi a mu mwala wa laimu. M'mutu munangoti zii. Ndinatsinzina, ndipo ndinaona shelefu ija: zigoba za mazira, makala, ndi botolo la mikangano lija. Kashiamu, kaboni, okosijeni. Kuyambira pamenepo ndinkangoyendayenda m'khitchini ya azakhali mpaka pepala linatha.

Amalume sanadikire zotsatira. Anadwala masiku anayi okha. Pamaliro pawo ana a mumsewu anabwera ndi miyala m'matumba, ndipo panalibenso woti awauze kuti muli chiyani. Mpaka lero ndikapunthwa pamwala ndimayamba ndauyang'ana kaye, ndipo mtima umandipweteka.

Zotsatira zitatuluka ndinathamangira kwa azakhali ndi pepala langa. Ndinakhoza, osati mochititsa kaso, koma mokwanira. Tinakumbatirana, tinalira, kenako ndinati ndiwakonzereko khitchini kuti apume ku chisokonezo chija. Nditangonyamula mchere wa kumanzere kuti ndiuphatikize ndi unzake, anandimenya padzanja.

"Sodiyamu abwerere kwawo."

Ndinaubweza. Kenako ndinaona botolo lija lili pamalo pake, lopukutidwa bwino, mafuta ali m'chitini pambali.

"Ilo usalitsegule," anatero. "Anatseka okha."

"Azakhali, mulibe kanthutu mmenemu."

"Muli, mwanawe. Kungoti sukuona."