Rimoti yokana mpira

Mpaka lero ndikamva mawu oti rimoti, mtima umandiwira. Sekani ngati mukufuna, koma ine ndinalakwiridwa.

Chaka chomwe fodya anandikomera ndinagula TV, dikoda ndi sola. Ndine mkamwini kuno kwa Kabudula, ndiye ndinati ngakhale munda ndi wa eni, rimoti yokha ikhala yanga. Pakhomo panali mpira wokhawokha, mafilimu a mayi a Tadala (akazi anga amenewo) azidikira.

Tsiku lina rimoti ya dikoda inasowa. Tinasanthula nyumba yonse, mayi a Tadala akuthandiza nawo, nkhope ili yachisoni ngati ali pamaliro. Ndinapalasa njinga mpaka kwa Nsaru, komwe wogulitsa wina anandionetsa rimoti yomwe ati imalamula chilichonse.

"Iyi, bwana, kaya TV kaya dikoda, zonse zimagwada. Mugwire batani lofiirali mpaka kanyali kayake, kenako muzidina linali mpaka chithunzi chizime. Chikazima ndiye kuti zagwirizana."

Kunyumba ndinadina mpaka chala kuchita dzanzi, chithunzi n'kuzimadi. Ndinayatsanso, n'kuika mpira, n'kusanjikiza miyendo. Pasanathe mphindi mpira uja unasanduka filimu ya ku Nigeria, mtsikana wina akulira pageti. Ndinabweza. Mtsikana uja n'kubweranso.

"Kapena imeneyi sikonda mpira, bambo a Tadala," anatero akazi anga ali pamkeka kumbuyo kwanga, akusenda mtedza.

M'mawa mwake ndinabwerera kwa Nsaru nditalusa. Wogulitsa uja ndinamutchula wakuba anthu onse a pamsika akumva (ine munthu woimba kwaya, tangoganizani). Iye anangoyesa rimotiyo pa dikoda yake. Inamvera bwinobwino. Ndinachoka mutu uli pansi.

Kunyumba zinali zomwezija: wosewera akati amenye penate, mtsikana wa pageti uja n'kutulukira. Apa ndinati ayi, alipo wanjiru amene mbale yathu ya TV ya padenga ikumuwawa. Lamulungu titaweruka ndinaitana mkulu wa mpingo, a Chimbalanga, kuti adzapempherere nyumba, chiwanda chichoke.

"Tiyeni tigwade," anatero a Chimbalanga.

Mayi a Tadala podzuka pamkeka, chinthu chinagwa kuchokera m'chitenje kuti phwa! Rimoti yakale ija, ikadali m'kapepala kapulasitiki komwe ndinaikulungira ndekha.

A Chimbalanga anatsegula diso limodzi. "Amayi, nanga ichi?"

"Chiwandacho n'chimenechi, abambo," anayankha osaphethira n'komwe. "Fodya tinasoka tonse, koma chigulireni TV sindinaonepo filimu mpaka kumapeto."

Ndinadikira kuti awadzudzule. Makilomita onse aja panjinga, dzina langa loipa pamsika! Koma mkulu wa mpingo wathunthu anangokhosomola, n'kugamula kuti mpira uzikhala Loweruka lokha. Kenako anakoka mpando wanga n'kufunsa motsitsa mawu: "Kodi mtsikana uja anamutsegulira geti? Kwathu batire linatithera pomwepo."

Anaonera mpaka kumapeto, ine ndikusenda mtedza.

Kwa Nsaru tsopano ndimazungulira njira ya kuseri, chifukwa kupepesa kukundikanikabe. Komatu munthu uja sananame kwenikweni. Rimoti yake imalamuladi chilichonse m'nyumba muno, kupatula mayi a Tadala.