Kandulo Imodzi ya Esnart

Lolemba

Yayamba kumva? Eya, kagetsi kakuthwanima. Ndikamba muno mufoni chifukwa bolopeni imandichedwetsa. Maganizo amafika kudimba dzanja likali pa chilembo choyamba.

Loweluka likubwelali Esnart akwanitsa zaka zisanu. Zisanu! Anesi ati basi, khadi lake ladzala, asabwelenso kudzapachikidwa pa sikelo. Ndaima pamenepo ngati chitsa. Mkulu wake sanafike apa, tinamuika ali ndi ziwili. Uyu wafika ndi miyendo yake, akutafuna nzimbe.

Tsiku lake lili pa khadi, lolembedwa ndi inki. Ndaliyang'ana katatu. M'banja mwathu ndiye woyamba kukhala ndi tsiku. Ine ndilibe. Amai amati ndinabadwila panjila pothawa nkhondo ku Mozambiki, tisanafike kuno ku Petauke, "kunali mvula." Basi. Nanga mvula imagwa miyezi ingati? Pa chitupa changa kalaliki anangolemba zimene anaganiza yekha.

Ndiye mwana uyu timuchitila bethide. Anaiona kwa mwana wa aphunzitsi, a Mwanza, ndipo kuyambila pamenepo amauzila chilichonse, ngakhale mbaula. Ndamulonjeza: tsiku lako wekha, mwana wanga.

Zofunika, amake Esnart avomeleza:
- ana asanu ndi mmodzi, osapitilila
- keke imodzi
- makandulo asanu, aang'ono aja
- munkoyo wakumwa, mizu yake tili nayo kale
- mabaluni, ngati matimati ayenda

Akuluakulu iai. Aphunzitsi ati pa bethide ya mwana akulu safunika. Ndadabwa. Chakudya pakhomo, akulu osaitanidwa? Koma iwo ndi ophunzila.

Lachiwili

Ku boma ndi matimati, makileti awili panjinga. Msika wonse wafiila, aliyense matimati! Mai wina akusankha limodzilimodzi ngati akusankhila mwana wake mkazi. Ndagulitsa mongotaya.

Ndalowa mushopu ya makeke. Mayo ine! Ali m'galasi ngati mawotchi. Ina yosanjikiza katatu, ina ili ndi maluwa, ati amadyedwa. Ina ili ndi chithunzi cha mwana pamwamba, nkhope yeniyeni, akuseka, mano awili apatsogolo palibe. Ndafunsa mtsikana wogulitsa, nanga podula? Ati, "Mudula chabe, bambo." Nkhope ya mwana, ndi mpeni, anthu nkumaomba m'manja! Dziko lapita patali.

Mtengo wake... yaing'ono kwambili ndi kambuzi. Ndathokoza bwinobwino, ndavala chipewa, ndatuluka chammbuyo.

Tiphika tokha. Ndagula fulawa, shuga, mafuta pang'ono, mabaluni anayi. Mazila nkhuku zathu zitithandiza, zikafuna.

Makandulo. Apa ndaganiza bwino, ndikhulupilila. Aang'ono aja ndi owonda ngati udzu, ati sachedwa kutha, koma mtengo kuposa yaikulu. Bwanji? Ndagula imodzi yaikulu yoyela, ija amayatsa a m'tauni magetsi akapita. Asanu aja angalowemo onse nkutsalako.

Amake aiyang'ana nthawi yaitali. Ati, "Iyi muimika pa keke kapena pa guwa kutchalitchi?"

Lachitatu

Lelo kuyesa. Akazi a aphunzitsi aphunzitsa amake: mchenga mumphika waukulu, poto wa keke pamwamba pa mchenga, makala pansi, makala pa chivindikilo. Osatsegula! Ati ukatsegula imakwiya, imakhala pansi.

Amake apita kukatenga nkhuni. Ine ndakhala pambali, manja kumbuyo. Ndatsegula. Kamodzi chabe, pang'ono. Inali itatukumuka ngati chule, ndaona ndi maso angawa, fulawa kukwela yokha popanda woikankha! Kenako yapuma, fuuu, yakhala pansi. Zoona imamva.

Theka la fulawa lapita. Zimene amake anena sindizibweleza muno.

Fungo lokha lafika mpaka kuchitsime, ndipo labweletsa amai ondibala, amene amakhala kuseli kwa khola lathu. Alawa chopselela, afunsa n'cha chiyani. Esnart wafotokoza zonse: tsiku lobadwa, nyimbo, kuuzila. Kenako ati, "Ambuya, lanu ndi liti?" Amai ati, "Chaka chimene njovu zinadya mapila a atate." Iye ati, "Lachingati?"

Amai aweramira pansi, apukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Sindinawaonepo amai atagonja chonchi. Mai amene anakangana ndi msilikali pamalile chifukwa cha mphika wake! Mwana wawagwila dzanja, ati, "Musalile, mubwele kwa ine."

Chabwino. Ana asanu ndi mmodzi, ndi ambuya. Munthu mmodzi chabe, wa mano ochepa.

Lachinayi

M'mawa wonse kudimba, kuthilila. Pobwela a Zuze andiimitsa. A Zuze ndi mdala wa nyumba yachitatu, wokonza njinga, anaoloka pamodzi ndi amai nthawi ija. Andivulila chipewa, ine! Ati, "Zikomo mwana wanga, uthenga tamva. Nthawi yanji?"

Uthenga uti?

Ndafufuza. Esnart wayenda mzele wonse, khomo ndi khomo, ndi funso lake limodzi lija. Amene ayankha bwino, tsiku ndi mwezi, akuwasiya. Amene sadziwa, akuwamvela chisoni nkuwaitana. Mwana wa zaka zisanu, zosakwana nkukwana! Nzelu iyi waitenga kuti?

Vuto ndi lakuti mzele wathu uno ndi wa anthu ochita kubwela. Adziwa ndani?

Mayankho amene wapeza, wandiuza yekha:
- a Zuze: nthawi ya maungu
- amake Filipo: pamene anali kumanga mlatho, koma aiwala mlatho uti
- a Lungu, ochokela ku Katete: chaka akudziwa, mwezi unapita ndi amai awo kumanda
- a Batista ali ndi masiku awili, la ku Mozambiki ndi la kuno, ati onse ndi abodza

Ndawelenga pa zala, zala zatha, ndavula nsapato.

Nanga ana aja asanu ndi mmodzi? Waitanako awili chabe, anzake a ponda apa nane ndipondepo. Ati enawo ali ndi makhadi, ali nawo kale masiku awo.

Amake ati, "Pitani mukawauze kuti mwana analakwitsa." Ndapita kwa a Zuze. Ndapeza ayanika jekete, lija amavala pa Khisimasi pokha, akulikwecha ndi chisononkho. Ndafunsa mtengo wa chubu cha njinga. Ndabwelako.

Lachisanu

Fulawa yotsala ndi ya ana asanu ndi mmodzi. Anthu ndi... ndaleka kuwelenga.

Mlamu wanga wa ku Nyimba watumiza mkoko wa nthochi pa minibasi, Mulungu amudalitse. Taonjezela nthochi, mgaiwa mbale ziwili, soda. Amake ati, "Iyi si keke tsopano, ndi chigumu chovala nsapato." Abweleka mphika wa amai a chigwilizano, uja wa pamisonkhano. Ine andithamangitsila kudimba kuti ndisatsegule. Ndamvela.

Mabaluni. Loyamba laphulika ndikuuzila, nkhuku zonse m'thengo. Baluni lachiwili, tambala wabwelako kudzabwezela, walijompha. Atsala awili, ndawabisa mudengu.

Madzulo ano akulu akubwela mmodzimmodzi kudzafunsa malamulo. Amake Filipo: kodi polowa timagwada? A Batista: pafunika mau a mwini mbumba? A Lungu afunsa ngati kuuzila kumafuna mano. Ine ndikuyankha ngati ndinaionapo. Sindinaionepo!

Ndathamangila kwa aphunzitsi. Ati, "Muyatsa, muimba, mwana azima, mudula. Basi." Basi?! Popanda pemphelo, popanda wokamba mau? Aseka, ati mungaonjezele.

Ndamuitana Esnart pambali. Ndati mwana wanga, ndinafuna tsikuli likhale lako wekha, tsopano keke ichepa. Ati, "Atate, inu lanu ndi liti?" Ndati kunali mvula. Wandiyang'ana monga amayang'anila anesi sikelo ikatsika. Ati, "Inunso mubwele."

Ndaitanidwa pakhomo panga.

Loweluka

Dikila ndipume kaye. Ndiyambile pati?

Tinati thuu koloko. Teni koloko afika kale. Avala ngati kukubwela abishopu. A Zuze mujekete. Amai avala chitenje chija amati tidzawaike nacho m'manda! Palibe wabwela chimanjamanja: nshawa, nzimbe, dzila limodzi, amake Filipo kankhuku kamoyo. Akhala pamphasa ngati pamlandu. Akulu makumi awili ndi atatu. Ana atatu, kuphatikiza mwini tsiku.

Keke yatuluka yonse, yakuda m'mbali, yolemela ngati mphelo. Kandulo taizika pakati, yaima ngati nsanja ya netiweki. Mabaluni awili pa mtengo wa mango.

A Batista apemphela mpaka ana ayamba kuodzela. Nyimbo yachizungu ija akazi a aphunzitsi aiyamba, palibe wotsatila. Amai aitembenuza, yasanduka ya kwaya, ndi nthungululu zomwe. Yakoma kuposa.

Ndayatsa. Esnart wadzaza masaya. Fuu! Yazima. Manja! Ine m'maso mwachita nkhungu, utsi, ndikhulupilila. Nditi nditenge mpeni, iye ati, "Dikilani. Ambuya."

Ndayatsanso. Amai agwada patsogolo pa keke, afunsa, "Ndinene chiyani?" Esnart ati musanene kanthu, uzilani chabe. Koyamba yakana. Kachiwili malovu okha. Kachitatu yazima. Amai aseka, dzanja pakamwa ngati namwali! Kuseka kumeneko sindinakumvepo chibadwile.

Kenako mzele. Machesi, nyimbo, fuu, manja. Machesi, nyimbo, fuu, manja. A Zuze ayamba amanga mabatani onse a jekete. A Lungu auzila ngati akukoleza moto wa njelwa, shuga wapamwamba yense pa amake Filipo. A Batista apempha kawili chifukwa cha masiku awo awili aja, akanidwa. Mdala wina wosamudziwa, anali kupita kuchigayo, watula thumba, walowa pamzele. Nayenso ati lake salidziwa.

Phula likutsikila pa keke, kandulo ikufupika. Amake andinong'oneza, "Aang'ono aja akanathela pa a Zuze." Ndiye kuti ndinagula bwino? Sananene choncho, koma ine ndamva.

Katsala kamachesi kamodzi m'bokosi. Esnart ati, "Atate." Ndati iai, ine ndine woyatsa. Amake andilanda bokosi.

Ndagwada pakhomo panga, anthu akuimbila ine. Ine! Kamoto kakugwedezeka patsogolo pa mphuno, ndikuganiza za mvula ija, amai panjila, mphika pamutu, ine kumsana. Ndauzila. Sindidziwa mokambila. Zili ngati... ngati pa msonkhano waukulu aitana dzina lako, koma osati chifukwa cha mlandu.

Kudula: tizidutswa ngati ta mgonelo. Cha Esnart chokulilako, ngati bokosi la machesi, chaphula pamwamba. Wadya ndi phula lomwe.

Ndiye wakwela pa kampando. Ati, "Nonse mwabadwa lelo. Chaka chamawa mubwelenso!"

Nthungululu mpaka kuchitsime. Amake andiponda phazi.

Sondo

Mapoto, mphasa, zala zopsa ndi machesi. Kandulo yatsala ngati chala chachikulu chakuphazi. Amai aitenga, aimanga pa nsonga ya chitenje. Ati ndi ya chaka chamawa, ine ndingaitaye.

Kutchalitchi a Zuze andikumbatila pakhomo, ati, "Mnzanga wobadwa naye!" Ati chaka chamawa pakhaleko kanyama. Anthu awili a ku Msanzala anditsatila mpaka pa njinga, afunsa ngati malo akalipo, azakhali awo nawonso alibe tsiku. Ndati ndikafunse mwini wake.

Ndinafuna mwana akhale ndi tsiku lake yekha. Tsopano m'tsikumo muli mzele wonse, mdala wa kuchigayo, ndi ine ndemwe, ndipo lidzaphikidwa pakhomo pano mpaka kale. Mailo, Lolemba, ndiyamba kulima bedi ina ya matimati. Iai, ziwili.

Masana ndamutuma, Esnart, kanditungile madzi akumwa. Wandiyang'ana, nthochi mkamwa. Ati, "Atate, tinabadwa tsiku limodzi. Tilingana."

Ndapita kukatunga ndekha. Ndamutungilako.